Volca Drum ikukana biti ya 12/8, ng'oma yaikulu ikusowanso pa mikisa

Chisomo wa ku Chibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonza ng'oma za nyimbo ya kwaya pa Korg Volca Drum, kamakina kamagetsi koimba ng'oma. Nyimboyo ikuyenda pa 12/8, mayendedwe aja ofanana ndi a vimbuza. Patani imayamba bwino, koma pakapita kanthawi maseche amasemphana ndi ng'oma, kenako n'kudzakumananso okha. Ng'oma yaikulunso ikulira ngati kick ya disco, chikopa sichikumveka m'menemo. Chondisowetsa mtendere kwambiri n'chakuti pa mahedifoni zonse zili bwino, koma ndikalumikiza ku mikisa ya mu holo, ng'oma yaikulu ikusoweratu. Rihesalo ndi Loweruka.

A Mhango a ku Luwinga:
Achimwene, za kusemphanazo ndi Active Step, poyatsira ndi pozimitsira masitepe a patani. Makinawa ali ndi masitepe 16 ndi mapati 6 (pati imodzi ndi chida chimodzi, monga ng'oma kapena maseche), ndipo pati iliyonse imasunga utali wakewake. Mwadula masitepe 13 mpaka 16 pa ng'oma, koma pati ya maseche mwaisiya pa 16. Ya 12 ndi ya 16 zimakumana pakatha masitepe 48, n'chifukwa chake zikumabwererana zokha. Lowani pati iliyonse payokha, zonse zisanu ndi imodzi, ngakhale imene simukuigwiritsa ntchito pakadali pano, muzimitse masitepe anayi omalizawo.

Swing muichotseretu. Imachedwetsa sitepe yachiwiri iliyonse, ndiye pa magulu a masitepe atatuatatu imagwa pena pa mutu wa biti, pena pakati, nyimbo n'kumatsimphina.

Tempo ya pa sikirini musaikhulupirire. Makinawo amawerenga masitepe anayi pa biti imodzi, inu mukuwerenga atatu. Ngati kwaya ikuponda 120, chulukitsani ndi 3, mugawe ndi 4, mupeza 90. Ikani 90.

Tiwonge:
Ndiwonjezere pa za a Mhango, poti ambiri timamalizira mu FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira nyimbo. Mukamatumiza MIDI clock, timasigino toyendetsa tempo, kuchokera mu FL, Volca imasuntha sitepe imodzi pa ma clock 6 alionse, pa 24 a biti imodzi. Choncho pulojekiti muike pa 90 yomweyo ndi 3/4, bala imodzi ikhale masitepe 12. Mukaika 180 poganiza kuti ndiye 12/8 yeniyeni, makinawo athamanga kawiri.

Poyambira patani: ng'oma yaikulu pa 1, 4, 7, 10. M'manja pa 1, 5, 9, kuti atatu akokane ndi anayi. Kachitsulo pa 1, 3, 5, 6, 8, 10, 12. Maseche masitepe onse 12, koma Accent, yokweza mphamvu ya sitepe, pa 1, 4, 7, 10 pokha, enawo akhale ofooka.

Mayi Chirwa a ku Katoto:
Vuto la mu holo ndi chingwe, a Chisomo, makinawo alibe mlandu. Ndikuganiza kuti muli ndi chingwe cha jeki yaing'ono ya 3.5 mm mbali ina, jeki yaikulu ya 6.35 mm ya mizere iwiri yakuda mbali inayo, ndipo mukuchilowetsa pa tchanelo imodzi. Volca Drum imatulutsa stereo: kunsonga kwa jeki kumapita mawu a kumanzere, pa mphete a kumanja. Pamene malo a line pa mikisa ndi balanced, ntchito yake ndi kuchotsera za pa mphete ku za kunsonga. Chilichonse chimene chili pakati, chofanana mbali zonse, chimadzichotsera chokha n'kutsala ziro. Ng'oma yaikulu mwaiika pakati, ndiye ikufa. Zikutsala ndi zokhazo zimene munazikankhira kumbali ndi pan, chopititsira mawu kumanzere kapena kumanja.

Yesani izi musanagule kanthu: pan ya ng'oma yaikuluyo muipititse kumanzere mpaka kumapeto. Ikatulukira, ndi chingwe basi.

Chofunika ndi chingwe cha mphanda, 3.5 mm stereo mbali imodzi, majeki awiri a 6.35 mm a mzere umodzi mbali inayo. Matchanelo awiri, ina pan kumanzere, ina kumanja. Musalowetse jeki ya mono mu Volca momwemo, imagunditsa mbali ya kumanja ku ground. Ngati mikisa ili patali kuposa mamita 5, dutsirani pa DI box, kabokosi kosandutsa mawu kukhala balanced, ikutetezaninso ku phantom, magetsi a 48V, amene amayatsira mamaiki a kwaya.

A Gondwe:
Ine ndilankhulepo za chikopa, poti apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Kick ya disco imapangidwa ndi sine, liwu losalala lopanda mawu apamwamba, imene pitch yake imagwa kuchokera pamwamba kwambiri, n'chifukwa chake imamveka "tiu". Ng'oma ya m'manja imagwanso pitch, poti chikopa chimakungika pomenyedwa n'kumasuka, koma kugwako ndi kwapang'ono zedi. Pati iliyonse ili ndi maleya awiri, mawu awiri olira limodzi. Pa leya yoyamba sankhani sine, modulation (kusintha kwa pitch) ya rise-fall, EG (mmene mawu amayambira ndi kufera) ya exponential. Mod Amount muitsitse mpaka "tiu" uja atangosowa, Mod Rate ikhale yachangu, Attack pa ziro. Release muitalikitse pang'onopang'ono, koma mawu azifa sitepe yachitatu isanathe. Pa tempo yanuyo sitepe imodzi ndi mamilisekondi 167, ndiye ng'oma ikapitirira theka la sekondi ikulowerera inzake.

Leya yachiwiri ndiye chinsinsi. Chikopa chozungulira sichilira ngati waya wa gitala amene mawu ake apamwamba amakhala kawiri, katatu. Chikopa chimapereka 1, kenako 1.59, kenako 2.14. Ndiye ngati leya yoyamba ili pa 100 Hz, yachiwiri ikhale sine ya 159 Hz, yomwe ndi masemitoni 8 pamwamba pake. Level yake isafike theka la yoyamba, Release yaifupi. Sikirini siionetsa ma Hz, choncho talikitsani Release kaye, muyeze ndi tuner ya pa foni, mukapeza mubweze.

Musaitsitse mpaka 50 Hz pofuna kulemera. Ng'oma zathu, ngakhale yomata phula pakati, zimalira pamwamba kuposa kick, komanso pansipo pali kale bezi gitala. Pa foni 50 Hz simveka n'komwe. Drive pang'ono imaitulutsa pa masipika aang'ono. Fold ndi Bit musazikhudze pa pati imeneyi, zimaisandutsa chitini.

Chisomo wa ku Chibavi:
Yewo chomene nonse. Mayi Chirwa, ndapititsa pan kumanzere pa mikisa yaing'ono ya kunyumba, ng'oma yatulukadi. Active Step ndakonza, pati 5 ya maseche ndi imene inali pa 16. A Gondwe, maleya onse awiri apita ku sine, nanga kuthwanima kwa chikhato pachikopa ndikutenge kuti?

A Gondwe:
Ng'oma imodzi muipatse mapati awiri. Pati 1 ndi yomenya n'kusiya kuti ilire, imene takonza ija. Pati 2 ndi yomenya n'kutsamira dzanja: sine yomweyo koma Release yaifupi kwambiri, leya yachiwiri band-pass noise yongoti "pha". Muyatse Choke pa mapati awiriwo kuti ina ikalira inzake izikhala chete, monga dzanja limachitira pa chikopa chimodzi. Mukafuna "pha" pa mutu wa biti, ikani pati 2 m'malo mwa pati 1 pa sitepe imeneyo, osaziunjika.

Pa Resonator, yopatsa mawu kulira kwa chubu kapena kwa waya, sankhani Tube, poti ng'oma ndi mtengo wobooledwa. Send, yotumiza mawu ku Resonator, pang'ono pa mapati awiriwa basi, maseche ziro. Resonator ndi imodzi ya mapati onse ndipo ili ndi Tune yake, ndiye ikasemphana ndi kiyi ya nyimbo, kwaya imva ngati pali wina akuimba molakwika. Decay ikhale yaifupi.

Tiwonge:
Ngakhale mutachita zonsezi, woimba vimbuza weniweni sagwa ndendende pa sitepe. Makinawa sasuntha sitepe ndi timamilisekondi, ndiye za rekodi jambulani pati iliyonse payokha, enawo muwatseke ndi Mute, mukasunthire mu FL. Yambani ndi mamilisekondi 10 mpaka 20 pa maseche ndi ng'oma yaing'ono, yaikulu muisiye pomwepo. Musalote kuti isunthire kuti. Jambulani woimba ng'oma ndi foni mphindi imodzi, muike pansi pa grid, muone nokha pamene dzanja lake likugwera. Za Loweruka, chisekese chenicheni m'manja mwa munthu mmodzi wa kwaya chiposa noise ya pati 5.

A Mhango a ku Luwinga:
Chomaliza ndi magetsi. Volca imafuna 9V ya centre positive, adapta yake ndi KA-350. Maadapta a mapedo a gitala nawonso ndi 9V koma ambiri ndi centre negative, ndiye oimba gitala asakubwerekeni yawo ngakhale italowa. Ku holo pitani ndi mabatire 6 a AA atsopano. Amachotsa kung'ung'udza kwa 50 Hz kumene kumabwera adapta ndi mikisa zikakhala pa masoketi osiyana, ndipo magetsi akathima poyembekeza jenereta makinawo sazima. Kit, mawu amene mwakonza aja, ndi patani zimasungidwa padera, musunge zonse ziwiri musanazimitse, apo ayi Active Step ija mukaikonzanso pamaso pa kwaya.