Kodi nyenyezi zingatiuze chaka cha nkhondo ya mu Mahabharata?

Nachisale: Ndakhala ndikuwerenga za nkhondo ya ku Kurukshetra yofotokozedwa mu Mahabharata, ndakatulo yaitali yakale ya ku India, ndipo chandizunguza mutu ndi kusagwirizana kwa ofufuza amene amadalira nyenyezi. Narahari Achar anapeza chaka cha 3067 BC, pamene P. V. Vartak anapeza 5561 BC. Popeza thambo ndi limodzi ndipo kompyuta imatha kulionetsa monga linalili kale, kusiyana kwa zaka pafupifupi 2,500 kukuchokera kuti?

Mbewe: Mayi Nachisale, njirayo payokha ndi yodalirika. Dziko limapendekeka pang'onopang'ono ngati nguli imene yayamba kutopa, moti malo a nyenyezi poyerekeza ndi nyengo amasuntha digiri imodzi pa zaka 72 zilizonse. Buku lakale lachipembedzo la ku India lotchedwa Shatapatha Brahmana limanena kuti nyenyezi za Krittika, zimene ife timati Nsangwe, sizichoka kum'mawa (kutanthauza kuti zimatulukira kum'mawa kwenikweni), ndipo katswiri Shankar Balakrishna Dikshit anawerengera kuti zimenezi zinali zoona cha m'ma 3000 BC. Komatu chilankhulo cha bukulo ndi cha zaka za m'ma 800 mpaka 600 BC, choncho n'kutheka kuti ansembe anasunga pakamwa mawu a makolo awo ngakhale thambo litasintha kale.

Nangozo: Bambo Mbewe afotokoza bwino, koma Mahabharata ili ndi vuto lake lapadera. Ndakatuloyi inakula kwa zaka mazana ambiri, kuyambira cha m'ma 400 BC mpaka 400 AD, ndipo inadutsa m'manja mwa anthu ochuluka. Mu gawo la Bhishma Parva, munthu wanzeru dzina lake Vyasa akuuza mfumu yakhungu Dhritarashtra za malodza a nkhondo, ndipo akadamsana awiri otalikirana masiku 13 okha akutchulidwa pamodzi ndi ng'ombe zobereka abulu ndiponso mafano otuluka thukuta. Ine ndimaona kuti wolembayo cholinga chake chinali kuchititsa mantha omvera, osati kusunga kaundula wa thambo. Ndime zina zimaika pulaneti imodzi m'malo awiri osiyana, motero wofufuza aliyense amasankha ndime zoti akhulupirire n'kumasulira zotsalazo mophiphiritsa. Kusiyana mukufunsako kumabadwira pamenepo.

Nachisale: Zikomo nonse. Nanga chaka cha 3102 BC chimene chimatchulidwa kawirikawiri chinachokera kuti?

Mbewe: Chimenecho ndi chiyambi cha Kali Yuga, nyengo imene Ahindu amati ndi yomwe tilimo panopa, ndipo mwambo wina umati inayamba cha pa nthawi ya nkhondoyo. Katswiri wa masamu ndi nyenyezi Aryabhata analemba kuti pamene anali ndi zaka 23, mu 499 AD, zaka 3,600 za nyengoyo zinali zitatha, ndipo akatswiri ambiri amati chiwerengerochi chinapezeka pochita masamu mobwerera m'mbuyo, osati poona thambo pa nthawiyo. Mawu ozokotedwa pamwala ku Aihole, ku India, mu 634 AD amatsatira mwambo womwewu, koma katswiri wina wa nyenyezi, Varahamihira, amene anakhalako m'zaka za m'ma 500 AD, anaika ufumu wa Yudhishthira, mfumu imene inapambana nkhondoyo, cha m'ma 2449 BC, patapita zaka 653 Kali Yuga itayamba.