Giya ikuchedwa kulowa pa Corolla yanga yakale

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla ya 1998, ya otomatiki, ndimakhala ku Luchenza. M'mawa ndikaika pa D imayamba yadikira kaye, kenako n'kulowa mwamphamvu kuti gu! Pokwera zitunda zopita ku Thyolo boma injini imangolira, liwiro osaoneka. Dzulo ndinasolola kandodo koyezera ATF (mafuta a m'giyabokosi), ndapeza mafuta ada bii, akununkha chopserera, chonsecho atsopano amakhala ofiira.

Makaniko wina akuti tingosintha mafuta ndi fyuluta. Mnzake akuti ma clutch plate a m'giyabokosi anatha kale, ndiye mafuta atsopano angoimaliziratu. Ndimvere ndani? Nanga ngati n'kukagula giyabokosi yogwirapo kale ntchito ku Limbe, ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama? M'thumbamu simuli bwino, mwana ali Fomu 4.