Canada ndi nkhani ya chigawo cha 51: kodi eni dziko akuti chiyani?

Mphunzitsi wa ku Limbuli, Mulanje

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Limbuli, ndipo ndabwera ndi funso limene wandisiyira mwana wa Fomu 4. Tinali pa mutu wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndikufotokoza zifukwa zimene makolo athu anachikanira, pamene mnyamata wina anakweza dzanja n'kunena kuti anamva pa wailesi zoti a Donald Trump akufuna kuti dziko la Canada likhale chigawo cha 51 cha United States, koma eni dzikolo akukana. Funso lake linali lakuti, ngati anthu a m'maiko ambiri amalawirira pa mzere kufuna chiphaso chopitira ku America, nanga amene America yawadzera yokha pakhomo akukaniranji? Anzake anaseka, koma ine sindinaseke, chifukwa funsolo linali lolemera kuposa yankho limene ndinali nalo.

Nditafufuza pa intaneti ndapeza ziwerengero ziwiri zimene zikundisokoneza. China chikuti anthu 82 mwa 100 alionse ku Canada sakufuna kuti dziko lawo lilowe mu America, pamene china chikuti achinyamata 43 mwa 100 alionse angavomere. Kodi choona ndi chiti? Ndiponso, maganizo a dziko la anthu pafupifupi 41 miliyoni angadziwike bwanji pofunsa anthu 1,500 okha? Ndikufuna kubwerera m'kalasi ndi yankho losachititsa manyazi.

Wopuma pantchito ya kafukufuku, Luchenza

Aphunzitsi, ziwerengero zonse ziwiri n'zoona, koma zinachokera ku mafunso awiri osiyana. Ine ndinagwira kwa zaka zambiri ntchito yoyenda khomo ndi khomo ndi mapepala a mafunso, ndipo chimene ndinaphunzira msanga n'chakuti yankho limatsatira kafunsidwe.

Chiwerengero cha 82 chinachokera ku bungwe la Leger, limene linafunsa anthu oposa pang'ono 1,500 mu December 2024, patangopita masiku ochepa a Trump atatchula nkhaniyi kwa nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, a Justin Trudeau, pa chakudya chamadzulo ku Mar-a-Lago, kunyumba kwa a Trump ku Florida. Funso linali lolunjika, lakuti kodi mungakonde kuti Canada ikhale chigawo cha 51, ndipo 82 anati ayi, 13 anati inde, otsalawo sanatchule mbali. Mu January 2025 bungwe la Angus Reid Institute linapeza kuti okana anali 90 mwa 100 alionse. Chiwerengero cha 43 ndi cha bungwe la Ipsos, m'mwezi womwewo wa January, koma funso lake linali ndi nyambo: kodi mungavomere ngati mutalonjezedwa unzika wonse wa America, ndiponso kuti chuma chanu chonse chisinthidwa kukhala madola a ku America? Pamenepo anthu a zaka 18 mpaka 34 ovomera anafika 43, pomwe kwa anthu a misinkhu yonse anali pafupifupi 30. Tangoganizani munthu wa kuno atafunsidwa ngati angalole kuti makwacha ake onse asanduke madola. Yankho lake lingakuuzeni zambiri za mavuto a m'thumba mwake kuposa za mmene amaonera dziko lake.

Za kufunsa anthu ochepa, ife a kuno ku tiyi sitiyenera kudabwa nazo. Wolawa tiyi asanapite ku msika wa ku Limbe samwa matumba onse, koma amatapa pang'ono m'matumba osiyanasiyana, ndipo luso lagona pa katapidweko. Bungwe la Afrobarometer likamafufuza maganizo a Amalawi limafunsa anthu ngati 1,200, osankhidwa m'zigawo zonse, m'tauni ndi m'mudzi, amuna ndi akazi, ndipo zotsatira zake zimatha kuphonya ndi anthu atatu mwa 100. Mpata wa pakati pa 82 ndi 13 ndi waukulu kwambiri moti kuphonya kotereku sikungausinthe. Chimene mungawauze ana n'chakuti ovomerawo sanagawanike mofanana: ku Alberta, chigawo cha mafuta, anali 19 mwa 100, amuna anali ambiri kuposa akazi, ndipo mwa otsatira chipani cha Conservative anali pafupifupi mmodzi mwa asanu.

Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo

Ndikuthokoza bambo a ku Luchenza chifukwa cha kufotokoza kwawo, koma ine ndikuona kuti zochita za anthu zikulankhula momveka kuposa mapepala a kafukufuku. Mchimwene wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Ontario, chimodzi mwa zigawo za Canada, ndipo nthawi imene nkhaniyi inatentha tinkalankhulana pafupipafupi pa WhatsApp.

Poyamba anthu ankaiona ngati nthabwala, ngakhale pamene a Trump ankatchula a Trudeau kuti bwanamkubwa wa chigawo m'malo mwa nduna yaikulu ya dziko. Zinthu zinasintha pa 7 January 2025, a Trump atanena kuti angagwiritse ntchito mphamvu za chuma, ndipo zinafika pa mponda chimera pa 4 March pamene America inaika msonkho wa 25 pa 100 pa katundu wambiri wochokera ku Canada. Boma la Ontario linachotsa mowa wa ku America m'masitolo ake, anthu anayamba kutembenuza paketi iliyonse m'sitolo kuti aone kumene katunduyo wachokera, ndipo pa masewero a hockey, amene kwa iwo ali ngati mpira wamiyendo kwa ife, owonerera ankakuwiza nyimbo ya fuko la America. Maulendo a pagalimoto opita ku America anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Munthu akhoza kunamiza wofunsa mafunso, koma sangalephereze ulendo umene anaukonzekera chaka chonse pofuna kungodzionetsa.

Umboni waukulu unali chisankho. Kumayambiriro kwa January chipani cha Conservative chinali patsogolo ndi mapointi oposa 20, ndipo aliyense ankati chipani cholamula cha Liberal, cha a Trudeau, chatha. A Trudeau atatula pansi udindo, a Mark Carney anatenga mpando mu March, ndipo pa 28 April chipani chawo chinapambana mipando 169 mwa 343, pamene mtsogoleri wa Conservative, a Pierre Poilievre, anataya mpando umene anaukhala kuyambira 2004. Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti a Poilievre nawonso anakana poyera zoti Canada ikhale chigawo cha America. Mpikisano unali wakuti ndani angaime nji pamaso pa a Trump. Pa 6 May a Carney anauza a Trump ku White House kuti Canada si yogulitsa ndipo sidzagulitsidwa, ndipo pa 27 May Mfumu Charles III, amene ndi mfumunso ya Canada, anatsegula yekha Nyumba ya Malamulo ku Ottawa.

Nditamufunsa mchimwene wanga chimene anzake a kuntchito amaopa, anatchula zinthu zapakhomo: kuonana ndi dokotala popanda kulipira pakhomo la chipatala, ndi malamulo okhwima a mfuti. Anthu a ku Quebec, chigawo cholankhula Chifalansa, ali ndi chawo chapadera, chifukwa Chifalansa ndi chimodzi mwa zinenero ziwiri za boma ku Canada, ndipo akudziwa kuti pakati pa anthu 340 miliyoni a ku America chingasungunuke ngati mchere m'madzi.

Wamalonda wa pa Muloza, Mulanje

Mayi, zonse mwanenazi sindikuzitsutsa, koma ndikupempha kuti aphunzitsi asawapatse ana mbali imodzi yokha. Ife amene timadyera pa chipata timadziwa kuti malire a pa mapu ndi ena, malire a m'mimba ndi enanso. Chimanga chikasowa kuno timayang'ana ku Milange, ndipo mafuta ambiri a galimoto zathu amadzera m'madoko a eni ake monga Beira ndi Nacala, moti kukavuta kutsidya kwa Ruo ife timamva tsiku lomwelo. Mu 2024 Canada inagulitsa ku America pafupifupi magawo atatu mwa anayi a katundu wake yense wotuluka kunja, ndipo malire a maiko awiriwa ndi otalika makilomita pafupifupi 8,900. Bambo ake a Justin, a Pierre Trudeau, ali nduna yaikulu ananena ku Washington mu 1969 kuti kukhala pafupi ndi America kuli ngati kugona ndi njovu, pakuti ngakhale ikhale yofatsa bwanji, ikangotembenuka umamva.

N'chifukwa chake chiwerengero cha 43 sindingachitaye monga nyambo chabe. Wachinyamata wa ku Toronto kapena Vancouver amene waona kuti mitengo ya nyumba yamuthawa, ndipo sadzakhala ndi khomo lake monga anachitira makolo ake, ali ndi chifukwa chomveka choyang'anira kutsidya. Sasiyana kwenikweni ndi anyamata athu amene akukwera mabasi a ku Joni sabata iliyonse. Ngati msonkho wa a Trump utatseka mafakitale a galimoto ndi zitsulo ku Ontario kwa zaka zisanu, kodi 82 uja adzakhalabe 82? Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndikuvomera, koma njala nayonso imasintha mayankho.

Mkulu wa ku Thyolo boma

Mwana wanga wa pa Muloza, funso lako n'labwino, ndipo mbiri inaliyankhapo kangapo, ku Canada komweko ndi kuno kwathu.

Nkhani imeneyi sinayambe ndi a Trump. Mu 1775 asilikali a ku America analowa ku Quebec poganiza kuti anthu akumeneko agwirizana nawo, koma anabwezedwa. Mu 1812 anayesanso, mu 1813 anatentha nyumba za boma ku York, kumene lero ndi Toronto, ndipo nkhondo inatha malire ali pomwe anali. Chitsanzo chimene chikugwirizana ndi mantha ako ndi cha 1849, pamene amalonda a ku Montreal oposa 300, malonda awo atagwa chifukwa Britain inasintha malamulo a msonkho wa tirigu, anasaina chikalata chopempha kuti Canada ilowe mu America. Njala inasinthadi yankho la anthu amenewo, koma anthu wamba sanawatsatire, ndipo malonda atayambanso kuyenda nkhaniyo inazirala. Mu 1911 boma la a Wilfrid Laurier linakonza pangano lochepetsa misonkho ndi America, limene alimi ambiri ankalifuna, koma wandale wina wamkulu wa ku Washington, a Champ Clark, atanena kuti akuyembekezera tsiku limene mbendera ya America idzakupiza pa dziko lonse la kumpoto, a Laurier anagonja pa chisankho ndipo panganolo linafera pomwepo. Nthawi zonse pamene kukakamiza kwachokera kunja, anthu a ku Canada aumitsa khosi.

Tsono aphunzitsi, bwererani ku mutu umene munali kuphunzitsa, chifukwa yankho la mnyamata wanu lili momwemo. Pamene chitaganya chinkabwera mu 1953, Angerezi ankanena kuti Nyasaland ndi dziko losauka ndipo lidzapindula ndi chuma cha Southern Rhodesia ndi mkuwa wa ku Northern Rhodesia. Sikuti linali bodza lokhalokha, pakuti chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinamangidwa m'zaka zimenezo. Komanso amuna a kuno zikwizikwi anali kale ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ena mpaka anasanduka matchona. Koma anthu omwewo amene ankapita ndi miyendo yawo kukafuna ndalama kumeneko ndi amene anakana kwambiri chitaganya, chifukwa anali ataona ndi maso mmene munthu wakuda ankakhalira pansi pa malamulo a azungu a ku Salisbury. Mafumu anapita ku London kukadandaula, Inkosi Gomani Philip a ku Ntcheu anachotsedwa pa ufumu chifukwa chokana, ndipo kuno ku Thyolo mu August 1953 mkwiyo wa thangata ndi wa chitaganya unaphulikira pamodzi, kuyambira pa esiteti ina pafupi ndi Luchenza, ndipo anthu 11 anafa zipolowezo zisanathe. Bambo anga anagwira ntchito ku Bulawayo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ankakonda kunena kuti iwo anapita kukagulitsa mphamvu zawo, osati munda wa amayi awo.

Kusiyana kwake n'kwakuti makolo athu sanafunsidwe. Bungwe la Monckton, limene Britain inatumiza kudzafufuza za tsogolo la chitaganya, linabwera mu 1960, chitaganya chitakhalapo kale zaka zisanu ndi ziwiri, n'kudzapeza zimene aliyense ankadziwa, ndipo chinathetsedwa pa 31 December 1963. Anthu a ku Canada ali ndi voti ndi malamulo owatchinjiriza: kuti ufumu wa Mfumu Charles uchotsedwe m'malamulo aakulu a dziko lawo, monga zingafunikire ngati atalowa mu America, pamafunika chilolezo cha Nyumba ya Malamulo ya ku Ottawa ndi cha zigawo zonse khumi, popanda chotsala.

Mphunzitsi wa ku Limbuli, Mulanje

Ndathokoza kwambiri nonse, makamaka inu bambo a ku Thyolo, chifukwa za 1849 ndi 1911 ndazilemba m'kope langa. Lolemba ndidzagawa kalasi pawiri. Gulu loyamba ndidzalifunsa ngati lingalandire chiphaso chokagwira ntchito ku South Africa, ndipo lachiwiri ndidzalifunsa ngati lingavomere kuti Malawi akhale chigawo cha khumi cha South Africa, Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe itsekedwe, koma aliyense alandire marandi m'malo mwa makwacha. Adzayankha pa timapepala mosalemba maina, ndipo mnyamata uja ndi amene adzawerenge mavoti pa bolodi. Bambo a ku Luchenza, ngati mwaona kuti m'mafunso angawa mwabisala nyambo, chonde ndikonzereni Lamulungu lisanathe.