Makina ochapira aja ayambanso kuzungulira

Mwezi watha ndinafunsa za makina ochapira akalekale omwe anatisiyira malemu agogo kuno ku Thyolo. Ndinati ukawayatsa mota imangolira, koma dramu osasuntha. Ambiri munati mota yapsa. Ayi ndithu, ili bwinobwino.

Nditazula pulagi, ndinachotsa lamba wolumikiza mota ndi dramu. Mota inazungulira mosavuta ndi dzanja, koma dramu inali gwa! Vuto linali ma bearing, tizitsulo tozungulira tomwe timathandiza dramu kuzungulira mosavuta. Rabala yotchinga madzi kumbuyo kwa dramu inali itang'ambika, ndiye madzi ankalowa pang'onopang'ono mpaka dzimbiri linamanga zonse. Ndi chinyontho cha chiperoni chathuchi, makinawo atakhala zaka osagwira ntchito, zinayenera kutero.

Ndinathira mafuta osungunula dzimbiri n'kudikira masiku awiri. Pogogoda shafiti (chitsulo chomwe dramu imazungulirapo) ndi hamala kuti ituluke, ndinaika kathabwa pakati kuti isaphwanyike kunsonga. Ma bearing akalewo ndinapita nawo ku Limbe, ndipo nambala yolembedwa m'mbali mwake ndi yomwe inandipezetsa ofanana. Rabala nayo ndinasintha.

Lamba anali atauma n'kuchita ming'alu, ndinagula wina. Chonde musamukungitse kwambiri, amatha ma bearing msanga.

Dzulo amayi achapira mabulangete awiri, mtima wanga unakhala m'malo.