Ngongole ya nyumba siikutsika: kodi kuwonjezera K20,000 pamwezi kungathandize?

Wa_ku_Mpondasi:

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za ngongole ya nyumba. Ngongoleyo ndi ya K20 miliyoni, yobweza zaka 15, chiwongoladzanja 28 peresenti pachaka, ndipo amadula K474,128 pamalipiro mwezi uliwonse. Nyumba ili konkuno ku Mangochi. Miyezi 12 yatha, ndalama zoposa K5.6 miliyoni zapita, koma sitetimenti ikuti ngongole yatsala K19,898,000. Kodi alakwitsa kuwerengera? Nanga ndikamawonjezera K10,000 kapena K20,000 pamwezi, zingasinthe kanthu, kapena n'kuthira madzi m'lichero? Ndimayambira pati?

Akalaliki_MH:

Achimwene, sanalakwitse ayi. Ngongole ya zaka zambiri imayenda choncho, makamaka chiwongoladzanja chikakhala chokwera ngati chathu chino.

Tengani 28 peresenti muigawe pa miyezi 12, mupeza 2.33 peresenti pamwezi. Mwezi woyamba, chiwongoladzanja chokha pa K20 miliyoni chinali K466,667. Pa K474,128 imene anadula ija, yopungula ngongole yeniyeni, imene ku banki amati principal, inali K7,461 basi. Mwezi wachiwiri inakwerako pang'ono, wachitatu chimodzimodzi, ndipo mukaphatikiza chaka chonse mupeza pafupifupi K102,000. Ndiyo K19,898,000 mukuiona pa sitetimentiyo.

Koma chomwe chikukupwetekanicho ndi chomwenso chikupangitsa kuti ndalama yochepa igwire ntchito yaikulu. Mwezi uno, pa K474,128 yanu, yopungula ngongole ndi pafupifupi K9,800. Mukaikapo K20,000 yapadera, yonseyo imakalowa pa ngongole yeniyeni, chifukwa chiwongoladzanja cha mweziwo mwalipira kale. Ndiye kuti mwezi umodzi mwapungula K29,800, kuchulukitsa katatu.

Ngati chiwongoladzanja chikhala pa 28 pomwepo, masamu ake ali motere. Osawonjezera kalikonse, kwatsala miyezi 168 ndipo mudzalipira K79.6 miliyoni. Mukamawonjezera K10,000 pamwezi, mumaliza m'miyezi 139 ndipo mwapulumutsa K12.6 miliyoni. K20,000 ikufikitsani pa miyezi 122, zaka 10 ndi miyezi iwiri, n'kupulumutsa K19.5 miliyoni. Mutakwanitsa K50,000, ngongole itha zisanakwane zaka 8, ndipo ndalama zoposa K30 miliyoni zitsala m'thumba mwanu.

Onani kuti K10,000 yoyamba ndi imene imadula kwambiri, miyezi 29. Yachiwiri imadula 17. Musadikire tsiku lomwe mudzakhale ndi zambiri.

Nthawi nayo ndi ndalama. K100,000 yoponyedwa kamodzi kokha mwezi uno ichotsa miyezi 9 kumapeto kwa ngongole. K100,000 yomweyo mukaiponya m'chaka chomaliza, siichotsa ngakhale mwezi umodzi. Komanso ena amakonda kusunga K20,000 mwezi ndi mwezi kuti akapereke K240,000 pakutha pa chaka. Zimathandiza ndithu, koma kudikirako kumakudyerani pafupifupi K33,000 pachaka, chifukwa banki imawerengera chiwongoladzanja pa ndalama imene yatsala, pomwe yanu ija ikugona m'bokosi.

Mayi_a_ku_Namwera:

Masamu a Akalaliki ndi olondola, koma amagwira ntchito pokhapokha ndalamayo ikafikadi pa ngongole. Ambiri amagwera pamenepa.

Yambani ndi kalata ya mgwirizano imene munasaina potenga ngongole. Fufuzani ndime yonena za kubweza nthawi isanakwane. Migwirizano imasiyana: ina imalola kuwonjezera mwaulere, ina imafuna kuti muwadziwitse kaye polemba kalata, ina imaika chindapusa mukamaliza ngongole yonse msanga. Kawirikawiri chindapusa cha kutseka ngongole yonse n'chosiyana ndi cha kuwonjezera pang'onopang'ono, ndiye funsani zonse ziwiri padera. Yankho likhale lolembedwa. Zapakamwa pakauntala sizikuthandizani tsiku lomwe wokuuzaniyo adzasamutsidwe.

Kenako funsani nambala ya akaunti ya ngongoleyo. Si imodzi ndi akaunti yolandirira malipiro. Mukaika K20,000 mu akaunti ya malipiro n'kumaganiza kuti mwalipira, ndalamayo ingokhala momwemo, kompyuta idzadula K474,128 yake yanthawi zonse, yotsalayo muitapa nokha pa ATM sabata yamawa. Vuto lina: ndalama ifika ku akaunti ya ngongole, koma ilembedwa ngati gawo la mwezi wamawa lolipiriratu. Zikatero mwezi wamawa adula K454,128 m'malo mwa K474,128, ndipo phindu lanu ndi la masiku ochepa okha. Kalata yanu inene mosapita m'mbali kuti ndalama yowonjezera ipungule principal.

Mfundo imene ambiri sauzidwa ndi iyi. Mukapungula ngongole, banki ingathe kuchita chimodzi mwa ziwiri: kufupikitsa zaka, kapena kusiya zaka momwe zilili n'kutsitsa ndalama yodula pamwezi. Masamu onse ali pamwambawo ndi a njira yoyamba. Mukangokhala chete, mutha kupeza kuti anasankha yachiwiri, mwezi ndi mwezi mukupuma pang'ono koma tsiku lomaliza silinasunthe. Lembani kuti ndalama yodula pamwezi ikhale yomweyo, chifupike ndi nthawi.

Ngati muli ndi mwezi umene munaphonya, dziwani kuti ndalama iliyonse imayamba yatseka zotsalira ndi chilango chake isanakhudze ngongole yeniyeni. Konzani zimenezo kaye.

Zonse zikalongosoka, ikani standing order, lamulo loti banki izitumiza yokha ndalamayo mwezi uliwonse, yochoka tsiku lotsatira malipiro akalowa, osati pa 20 pomwe mu akaunti mwauma. Funsani mtengo wake, chifukwa ngati kutumiza kulikonse kuli ndi kandalama kake, kuponya K2,000 kakhumi n'kuluza, bola kuunjika n'kuponya kamodzi pamwezi. Ndipo miyezi itatu yoyamba tengani sitetimenti muwerengere nokha: ngongole ya mwezi watha, kuphatikizapo chiwongoladzanja, kuchotsapo zonse mwalipira. Zikapanda kugwirizana, pitani nayo sitetimentiyo pamodzi ndi kope la kalata yanu yodindidwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nkhalakale_wa_ku_Doko:

Ine nditsutsako pang'ono, kuti mbale wathuyu asatengeke ndi ma miliyoniwo.

K19.5 miliyoni imene akuti mupulumutsa ndi ya zaka 10 kapena 14 zikubwerazo, si ya lero. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kumbukirani mtengo wa thumba la simenti zisanachitike zimenezo, muyerekeze ndi lero. K474,128 ikukupanikizani panopa, koma malipiro akamakwera chaka ndi chaka, pofika chaka cha 10 idzakhala yopepuka. Amene ali ndi ngongole, kugwa kwa ndalama kumamuthandiza mbali ina.

Sindikuti musawonjezere. Ndikuti K20,000 iliyonse muifunse kuti ipindula kwambiri kuti. Kuiponya ku ngongole kuli ngati kuisunga pamalo opereka 28 peresenti, opanda msonkho, opanda chiopsezo choti wina athawa nayo. Akaunti yosungira wamba siifika n'komwe pamenepo. Ma Treasury bill, omwe ndi njira yobwereketsera boma ndalama kwa nthawi yochepa, nthawi zina amayandikira, koma pachiwongoladzanja chake amadulapo msonkho. Ndiye pa zosunga zonse, ngongole ya nyumba ikupambana. Pomwe imagonja ndi apa:

Ngongole zina. Magulu ambiri a banki mkhonde amabwereketsa pa 10 kapena 20 peresenti pamwezi, osati pachaka. Katapila ndiye osanena. Ngongole ya nyumba ndi 2.33 pamwezi. Munthu amene akuwonjezera K20,000 ku banki uku ali ndi K150,000 ya ku banki mkhonde, akutseka kabowo kakang'ono bwato likumira ndi bowo lalikulu.

Ndalama yadzidzidzi. Yomwe mwaponya ku ngongole ya nyumba simungakaitenge mwana akadwala usiku kapena denga likasasuka. Malipiro akachedwa kapena ntchito ikatha, banki siikumbukira kuti munkawonjezera, imafuna ya mwezi umenewo. Sungani kaye yokwana kulipira ngongole miyezi iwiri kapena itatu, pamalo poti mungatape msanga. Kuno tinaona nyanja itakwera mu 2024, madzi kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Werenganinso inshuwaransi ya nyumbayo muone ngati madzi osefukira alimo, poti zina zimatchula moto ndi mphepo, za madzi ayi.

Mpamba wa geni imene ikuyenda kale. Ngati amayi kunyumba amapikula usipa ku Makawa kapena ku Malembo n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo K100,000 imabala K15,000 pa ulendo, musaiphe geniyo chifukwa cha ngongole. Tengani gawo la phindu lokha. Koma geni ya m'maloto, yoti mwina ndidzayamba, siyipambana 28 peresenti yotsimikizika.

Chomaliza, 28 ameneyo si wokhazikika. Ngongole zambiri zimatsata reference rate, mlingo umene mabanki amayambirapo poika chiwongoladzanja, imene imasuntha Reserve Bank ikasintha chiwongoladzanja chake chotchedwa policy rate, monga inachitira mu Febuluwale 2024 poikweza kufika pa 26 peresenti. Tayesani masamu: pa K19.9 miliyoni, chiwongoladzanja chikakwera ndi 1 peresenti yokha, pamwezi pawonjezereka pafupifupi K16,600, kuposa K9,800 yonse imene mukupungula. Banki siingachitire mwina koma kukweza ndalama yodula. Apa ndiye ndikugwirizana ndi Akalaliki: ngongole ikachepa msanga, mphepo ngati imeneyi siikugwedezani kwambiri. Ndipo chiwongoladzanja chikadzatsika, musalole kuti atsitse ndalama yodula. Pitirizani K474,128 yomweyo, kusiyanako kukhala kuwonjezera kosamva kuwawa.

Anaphiri_265:

Funso loti K20,000 ichokera kuti silinayankhidwe, ndiye ndiyambire pamagetsi. Mababu anayi akale a mawati 60, oyaka panja maola 12 usiku uliwonse, amadya mayunitsi 86 pamwezi. A LED a mawati 9 amadya 13. Mayunitsi 73 amenewo achulukitseni ndi mtengo wa yunitsi umene uli pa lisiti lanu la ESCOM. Giza kuno ku Mangochi ndi yachani, ndi kutentha konseku? Izimitseni, muziyatsa mu Juni ndi Julayi basi. Fuliji ndiyo imavutika ndi dzuwa lathuli: ichotseni pafupi ndi mbaula, isiyeni mpata kukhoma, ndipo tsekerani pepala pachitseko. Likasololoka mosavuta, labala yatha ndipo injini ikungolira usana ndi usiku.

Madzi: tsekani mipopi yonse usiku, lembani nambala ya pa mita, m'mawa muonenso musanatsegule. Ikasuntha, penapake pakudontha, ndipo kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi. Kalabala ka mkatimo n'kotchipa kuposa bilu ya mwezi umodzi.

Chachikulu ndi chimanga. Gulani cha chaka chonse mu Meyi kapena Juni, chiume bwino, muike m'matumba a PICS osalowa mpweya kuti anankafumbwe asachipeze. Banja la anthu 5 likamadya thumba limodzi la makilo 50 pamwezi, kusiyana kwa mtengo wa pokolola ndi wa mu Januwale kapena Febuluwale kumaoneka ndithu. Koma chikalowa m'thumba chili chachinyontho, chiwola, mwaluza zonse.

Tina tating'ono mukutidziwa: kabaza wa njinga yamoto paulendo woti kapalasa akanakwana, bandulo ya tsiku ndi tsiku m'malo mwa ya mwezi, kutapa ndalama ya pafoni kasanu m'malo mwa kamodzi, kubetcha mpira Loweruka. K700 patsiku ndi K21,000 pamwezi.

Msampha wake ndi uwu: ndalama yopulumutsidwa siioneka. Mukachepetsa magetsi ndi K8,000, simuipeza patebulo, imangolowa m'ndiwo. Ndiye tsiku logula mayunitsi, kusiyanako kutumizeni nthawi yomweyo ku akaunti ina kapena kwa mayi a kunyumba amene ali ndi dzanja louma. Ndipo musaike standing order ya ndalama yomwe simungakwanitse mu Januwale, Epulo ndi Seputembala, miyezi ya fizi, kapena nthawi ya Eid ndi Khirisimasi. Ikani K10,000 yosaphonya, zinazo muziponya pamanja: ya chipereganyu ikakufikani, alawansi, lendi ya boys kota, kapena marandi ochokera kwa achibale a ku Joni.

Wa_ku_Mpondasi:

Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Mawa ndikayamba ndi kalata ya mgwirizano. Funso lina: ngongole ikadzatha, mapepala a nyumba amabwera okha?

Mayi_a_ku_Namwera:

Sabwera okha, achimwene. Mukamayandikira kumapeto, pemphani kalata yonena ndalama yeniyeni yotsekera ngongole ndi tsiku lake, chifukwa chiwongoladzanja chimapitirira kuwerengedwa, ndipo K3,000 yotsalira ingasunge akaunti yotsegula n'kumabala. Mukalipira, tengani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, imitsani standing order, ndipo ngati amadula kuntchito, kaperekeni kope ku ofesi ya malipiro. Kenako banki isaine chikalata chomasula chikole, chimene amati discharge of charge, chikalembetsedwe ku ofesi ya za malo. Popanda zimenezo, kaundula amaonetsabe kuti nyumbayo ndi chikole ngakhale title deed, chikalata cha umwini wa malo, ili m'manja mwanu, ndipo mudzazindikira tsiku lomwe mukufuna kugulitsa kapena kulembera ana. Pali ndalama zolipira pamenepo, nthawi zina ndi za loya, ndiye funsiranitu. Inshuwaransi ya moyo yomangidwa pa ngongole imatha nayo limodzi, koma ya nyumba mudzayenera kuipitiriza nokha, ndipo lendi ya malo ku boma ndi msonkho wa ku khonsolo zikhale zolipidwa musanapite kukamasula chikolecho.