Ndalama za kabureta wa injini ya gulu: alipire ndani?

Mlembi: Mamembala nonse, ndikupempha kuti nkhani iyi tiikambirane tisanakumane Lachisanu, chifukwa zomwe zili m'buku sizikugwirizana ndi ndalama zomwe zilipo. Achimwene amene abwereka injini ya boti ya gulu mwezi uno anatenga ndalama kwa Amayi a Msungichuma n'kukagula kabureta watsopano (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya mu injini) popanda msonkhano, koma ngakhale anamuika, injiniyo inapitirizabe kufooka ikapatsidwa moto wonse. Ndikufuna kudziwa ngati ndizilembe monga zogwiritsidwa ntchito ndi gulu kapena monga ngongole yawo ya chiwongoladzanja.

Wobwereka injini: Zikomo a Mlembi. Ine sindinadye ndalamazo, ndipo lisiti ndili nalo. Injini inkalira bwino pa gombe, ndipo poyenda pang'onopang'ono inalibe vuto, koma ndikangopotokola chogwirira chopatsira moto mpaka kumapeto, inkathamanga kanthawi kochepa kenako n'kuyamba kutsamwa ngati ikufuna kuzima, ndipo ndikabweza moto inkatsitsimukanso. Mapulagi ndinasintha ndi ndalama zanga, sizinathandize. Makaniko ataimvetsera ananena kuti kabureta watha, ndiye ine ndikanatsutsa bwanji munthu wodziwa ntchito yake? Injini ndi ya gulu, choncho kuikonza ndi udindo wa gulu.

Msungichuma: Bokosi la ndalama za gulu silinatsegulidwe, ndipo osunga makiyi atatu aja ndi mboni. Ndinapereka ndalama za lendi ya injini zomwe ndinali ndisanaziike m'bokosi, poganiza kuti injini ikakhala pansi sabata yathunthu gulu liluza zambiri. Ndikuvomera kuti ndinayenera kufunsa kaye a Wapampando.

Membala wachikulire: Ana anga, ndiloleni ndifotokoze zomwe ndinaona dzulo, popeza ndinakwera nawo botilo kuti ndidzionere ndekha. Pamene injini inayamba kufooka, ndinagwira kampira kopopera petulo kali pa payipi yochokera ku thanki, ndipo ndinapeza kataphwa n'kumatirirana. Kampira kakaphwa chonchi, ndiye kuti injini ikukoka mafuta koma china chake chatsekereza kumbali ya thanki. Nditamasula chivundikiro cha thanki, mpweya unalowa mochita kumveka, kampira kanafufumanso, ndipo injini inayamba kukoka. Kabowo kolowera mpweya pa chivundikiro kanali katatsekeka ndi dothi losakanikirana ndi oyilo. Petulo akamatuluka m'thanki mpweya osalowa, mafuta amayenda movutikira. Pa moto wochepa amakwanirabe, koma pa moto wonse injini imafuna ochuluka ndipo imasowa. Sefa ya mafuta nayonso inali ndi zinyalala ndi timadontho ta madzi pansi pake.

Wobwereka injini: Ndiye mukutanthauza kuti kabureta wakale analibe vuto, agogo?

Membala wachikulire: Mwina jeti yake yaikulu, imene imapereka mafuta pa moto wonse, inali ndi zinyalala zodutsa m'sefa ija, koma imeneyo amaimasula, kuitsuka ndi kuipemerera, sagula kabureta wina. Wodziwa ntchito amayamba ndi zosafuna ndalama: kabowo ka thanki, kampira, payipi ngati yang'ambika n'kumayamwa mpweya, sefa, kenako pampu ya mafuta, imene imadziwika ngati injini ikutsitsimuka munthu akamafinya kampira uku boti likuyenda. Amaonanso ngati pulopela sinakoledwe ndi ulusi wa ukonde. Ikanakhala rabala ya pakati pa pulopela yatha, injini ikanalira kwambiri boti osathamanga, koma yathuyi inkachita kutsamwa. Makaniko ameneyu anaimvetsera ili pa gombe, chonsecho vutoli limaoneka pokhapokha injini ikukankha boti m'madzi. Chinanso, mwanawe, unachita mwayi, chifukwa kuumiriza injini pa moto wonse mafuta akuperewera kumaitenthetsa mpaka pisitoni kupsa.

Membala wina: Pepani a Wapampando, koma ine sindingalole kuti masheya anga achepe pogawana chifukwa cha kabowo kotsuka ndi kawaya. Malamulo athu amati kusamala thanki ndi mafuta ndi udindo wa wobwereka, ndipo chaka chatha ine ndinalipira chindapusa nditangochedwa ndi ngongole sabata imodzi. Komanso kabureta wakaleyo ali kuti?

Wobwereka injini: Anatsala kwa makaniko, alongo anga. Koma dothi la m'kabowo silinadzaze mwezi umodzi, ndipo injiniyi yadutsa m'manja mwa anthu anayi chigulireni.

Wapampando: Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake sindikuona chilungamo kuwasenzetsa mtolo wonse. Maganizo amene ndibweretse Lachisanu kuti tidzavote ndi awa: achimwene akatenge kabureta wakale, agogo amutsuke, ndipo akapezeka wabwino abwezeretsedwe pa injini, watsopanoyo tigulitse. Ndalama zomwe zidzaperewere tidzagawane pakati, theka gulu, theka achimwene monga ngongole yopanda chiwongoladzanja. Amayi a Msungichuma adzalipira chindapusa chotulutsa ndalama popanda msonkhano.

Msungichuma: Chindapusacho ndachilandira.

Membala wina: Ine ndidzavota nditaona kabureta wakaleyo patebulo. Akapanda kubwera naye, ngongole yonse ikhale yawo.