Corolla yanga yakale ndikufuna izikathamanga pa track, ndiyambire pati?

MwanaWaMchinji:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Corolla ya 1994, AE101 ija, injini 4A-FE ya 1.6 giya yamanyuwo, anandisiyira malume. Chaka chatha ndili ku Joni msuweni wanga ananditengera ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria tsiku loti anthu amabwera ndi magalimoto awo wamba kudzathamanga pabwalo, aaa kuchokera tsiku limenelo mtima sukukhazikika. Ndikufuna ndiikonze pang'onopang'ono tsiku lina ndikaiyese olo ku Donnybrook ku Harare. Makaniko wina pa boma pano akuti tiike turbo kapena titsitse injini tiikemo 4A-GE ya mavalavu 20. Ndalama zanga nza soya, sizambiri.

MadalaWaSipanala:
Aise turbo muiiwale kaye. Galimoto yakale pa track siifa chifukwa chosowa mphamvu, imafa ndi kutentha, mabuleki ndi injini zomwe. Brake fluid muli nayoyo ndikhulupirira ndi yomwe anasiya malume, ndiye chinthu chija chimamwa chinyezi, brake fluid ya mtundu wa DOT 4 yatsopano siwira isanafike madigiri 230 koma ikamwa madzi imatsika mpaka cha m'ma 155, mukaponda mwamphamvu kanayi kasanu motsatizana yawira, pedo pansi thi galimoto ikupitabe. Khuthulani yonse muike yatsopano, mapadi atsopano, mapaipi arabala aja ngati ang'aluka sinthani. Osagula DOT 5 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino, ija nja silikoni sisakanikirana ndi inzakeyo.
Kenako rediyeta. Kuno ku Kasungu matenda athu ndi amodzi, galimoto ikangotentha makaniko amachotsa thermostat, kavalavu koyang'anira kutentha kwa injini kaja, nkutaya, mwini wake nkumathira madzi a pamjigo, mkati monse dzimbiri lokhalokha. Tsukani, bwezeretsani thermostat, thirani coolant weniweni, onani ngati fani ikudzuka yokha. Timing belt ngati simukudziwa kuti inasinthidwa liti sinthani ndi water pump yomwe, belt ija nja makilomita 100,000 basi.

Kamwendo_Boy:
Madala anena zoona. Ine ndiwonjezere matayala, akaunjika aja ayi ndithu olo mapanga akuoneka bwino. Yang'anani m'mbali mwa tayala muli manambala anayi, mukaona 2314 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 chaka cha 2014, rabala yauma kalekale. Komanso ndi maenje athuwa mabushi, ma ball joint ndi ma bearing ndikudziwa atha, imikani pa jeke mugwedeze tayala mumve nokha.

MwanaWaMchinji:
Ndakayang'ana, awiri akutsogolo ndi a 2016 kkkk. Thermostat nayo mulibe, Madala mwalosera ngati munalipo. Koma dzana usiku ndinaiyesa pa msewu wa M12 ikukoka bwinobwino mpaka 150

NaPhiri_KU:
Achimwene pamenepo ndiye mwalakwa. M12 usiku muli akabaza opanda magetsi, ngolo, mbuzi, anthu ochokera kumowa, mukufuna mudzatiitanire maliro? Kuthamanga mowongoka sikukuuzani kanthu, pa track chimene chimazunza galimoto ndi makona ndi kuponda mabuleki. Pakona yaitali oilo amathawira mbali imodzi ya sampu, mokhala oilo pansi pa injini muja, pampu nkumayamwa mpweya, ndiye oilo azikhala pa mzere wa full nthawi zonse ndipo ngati injini ikudontha kapena ikudya oilo konzani kaye chimenecho. Batire nalo limangidwe ndi chitsulo chake osati linya lija timamangira katundu panjinga, akakuonani nalo pa geti akubwezani. Helemeti gulani yeniyeni, osati zija za akabaza zoti ukagwetsa pansi yasweka.

MwanaWaMchinji:
Ndamva achemwali, pa M12 sindibwereza. Loweruka ndikwera ya ku Lilongwe kukasaka DOT 4, thermostat ndi belt, matayala adikire soya agulitsidwe. Madala, lita imodzi ya DOT 4 ikwana kutsuka mabuleki a mawilo onse anayi kapena ndigule awiri?

MadalaWaSipanala:
Imodzi ikwana. Botolo likhale losatsegula, ndipo muyambire wilo lakutali ndi master cylinder, pampu ya mabuleki yomwe ili pomwe mumathirira brake fluid.